Kulekanitsa mafuta ndi madzi ku Harare: thanki, mankhwala, sefa kapena maginito?

Munthu amene amagwira ntchito m'garaja ku Gazaland kapena ku Magaba, pamalo otsukira malole ku Southerton, kapena m'fakitale yoyenga mafuta ophikira, amadziwa kuti madzi oipa otuluka pantchito amakhala a mitundu iwiri. Ena amabwera ndi oilo woyandama pamwamba, woti munthu angathe kumuwengula ndi chitini. Ena amakhala otuwa mbuu, ndipo ngakhale mutawasiya m'diramu kwa sabata yathunthu, mafuta ake sakwera pamwamba. Madzi achiwiriwa ndi amene akatswiri amawatcha emulsion, mmene mafuta aphwanyika kukhala timadontho ting'onoting'ono timene tamwazikana m'madzi monse ndipo tikukana kugwirizananso. Masiku ano kukumveka njira yatsopano yowalekanitsira, yogwiritsa ntchito tizidutswa ta chitsulo tokutidwa ndi mankhwala, totchedwa ma nanoparticle, timene timakokedwa ndi maginito. Njirayi singayesedwe bwino payokha, koma pambali pa zinzake zimene zagwira ntchito kwa zaka zambiri.

Kuno ku Harare nkhaniyi ndi yolemera chifukwa mzindawu uli kumtunda kwa madzi amene umamwa. Mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imadutsa m'madera a mafakitale, madzi ake n'kukathera m'nyanja ya Chivero, imene damu lake linamangidwa mu 1952, ndipo kuchokera kumeneko amapita kumalo oyeretsera madzi akumwa a Morton Jaffray n'kubwereranso m'mipopi ya ku Mbare, Highfield ndi Mufakose, kumene ambiri a ife olankhula Chichewa tinakulira. Oilo wothiridwa m'ngalande amapita kumtsinje, pamene wolowa m'mapaipi a zonyansa amakasokoneza tizilombo timene timayeretsa madzi kumalo oyeretsera zonyansa a ku Firle ndi ku Crowborough. Bungwe la boma loona za chilengedwe, la EMA, limatsata lamulo la Statutory Instrument 6 la 2007, limene limaika madzi otayidwa m'magulu anayi, la buluu, lobiriwira, lachikasu ndi lofiira, ndipo amene madzi ake ali m'gulu lofiira amalipira zambiri kuposa onse.

Funso loyamba musanagule chida chilichonse ndi kukula kwa timadontho ta mafutawo. Muyeso wake ndi micron, ndipo ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi. Tsitsi la munthu ndi lokhuthala pafupifupi ma micron 70. Madontho opitirira ma micron 150 amaonedwa ngati mafuta omasuka, apakati pa 20 ndi 150 ndi omwazikana, ndipo ochepera 20 ndiwo emulsion yeniyeni. George Stokes anasonyeza mu 1851 kuti dontho likachepa kakhumi, liwiro limene limakwera nalo limachepa ka 100. Tikatenga oilo amene lita yake imalemera magalamu 900, m'madzi a madigiri 20, dontho la ma micron 150 limakwera mita imodzi m'mphindi pafupifupi 14. La ma micron 10 limafuna masiku awiri ndi maola angapo, pamene la micron imodzi lingafune miyezi 7, ndipo zoona zake n'zakuti silifika n'komwe, popeza kugwedezeka kulikonse kwa madzi kumalibwezera pansi.

Timadonthoti tikanakhala togundana n'kuphatikizana, vuto likanatha lokha. Chimene chimatiletsa ndi sopo ndi mankhwala ochotsera girisi, amene amakuta dontho lililonse, komanso mphamvu ya magetsi ya negative imene madontho a mafuta amanyamula akakhala m'madzi, imene imawachititsa kukankhana. Palinso mtundu wina umene suyenera kusokonezedwa ndi uwu, mmene timadontho ta madzi ndi timene tabisala mkati mwa mafuta, monga zimaonekera oilo wa injini akayera gasketi ikapsa. Njira yothandiza pa mtundu woyamba kawirikawiri sithandiza pa wachiwiri.

Njira yakale kwambiri ndi thanki yodikhitsira, yogawidwa m'zipinda, imene madzi amayendamo pang'onopang'ono mafuta n'kumakwera. Kamangidwe kotchuka ka American Petroleum Institute kanakonzedwa kuti kagwire madontho a ma micron 150 kupita m'mwamba, ndipo mukaikamo malata opendekeka oyandikana, kuti dontho lisamayende mtunda wautali lisanakhudze chinthu, muyesowo umatsika kufika cha m'ma 60. Ubwino wake ndi woonekeratu: womanga nyumba wodziwa ntchito angathe kuimanga ndi njerwa ndi simenti, ilibe chida choyenda, ndipo sifuna magetsi, chinthu chimene aliyense wokumbukira 2019, pamene madzi anachepa ku Kariba magetsi n'kumazima mpaka maola 18 patsiku, sangachipeputse. Koma pa emulsion yeniyeni thanki ilibe mphamvu. Imafookanso m'nyengo yozizira ya June ndi July, chifukwa madzi a madigiri 10 amachedwetsa dontho pafupifupi kamodzi ndi theka poyerekeza ndi a madigiri 25.

Eni magaraja ambiri sazindikira kuti emulsion yochuluka amaipanga okha. Makina otsukira a mphamvu, mapampu ozungulira mofulumira ndi sopo wamphamvu ndi zimene zimaphwanya madontho aakulu. Kupukuta oilo ndi sanza kapena utuchi musanathire madzi, kusankha mankhwala otsukira amene amasiya mafuta pakangopita mphindi zochepa, ndi kulola madzi kutsetsereka okha kupita m'thanki m'malo mowapopa, kumachepetsa vutoli pamtengo wochepa kuposa njira ina iliyonse yotchulidwa pano.

Njira yachiwiri ndi mankhwala ophwanya emulsion. Aluminium sulphate, amene amagwiritsidwanso ntchito poyeretsa madzi akumwa a mzindawu, ferric chloride ndi polyaluminium chloride, onsewa amabweretsa mphamvu ya positive imene imathetsa kukankhana kuja, kenako amapanga timibulu timene timakola madontho a mafuta. Ena amayamba ndi asidi, kutsitsa pH, umene ndi muyeso wa asidi m'madzi, kufika cha pa 2 kuti sopo afooke, kenako n'kuikweza ndi laimu. Mankhwalawa amapezeka m'dziko muno ndipo ntchito yake ndi yodziwika bwino, koma amafuna munthu wosamala, chifukwa mlingo woyenera umasintha tsiku ndi tsiku malinga ndi zimene zatsukidwa, ndipo mankhwala akapyola muyeso madontho amatenga mphamvu ya positive n'kuyambanso kukankhana. N'chifukwa chake wodziwa ntchitoyi amayamba ndi mabotolo angapo a madzi omwewo, kuthira milingo yosiyana, n'kuona limene layera msanga. Choipa chachikulu ndi matope. Mankhwala onse othiridwa amatuluka ngati matope a mafuta, onyowa, olemera, osaloledwa kutayidwa pamtaya wamba, ndipo mankhwalawo sabwereranso.

Mafakitale akuluakulu amaphatikiza mankhwalawa ndi makina a DAF, amene amakanikizira mpweya m'madzi pamphamvu ya ma bar 4 mpaka 6, kenako n'kuumasula kuti utuluke ngati tithovu tochepera ma micron 100 timene timanyamula timibulu tija kupita pamwamba m'mphindi zochepa. Ku malo ophera nyama, ku mafakitale a mkaka ndi a mafuta ophikira, iyi ndiyo njira yodalirika. Imafuna kompuresa, pampu ndi magetsi osazima.

Za makina ozunguza sitichulutsa mawu. Centrifuge, imene inachokera ku chida cholekanitsira mafuta a mkaka cha Gustaf de Laval cha mu 1878, imagwira madontho a ma micron ochepa, koma ndi yodula, imadya magetsi, ndipo mchenga wa m'garaja ungaiwononge. Kutenthetsa kumathandiza potulutsa madzi mu oilo wakale. Kugwiritsa ntchito magetsi amphamvu kuphatikiza madontho, njira imene Frederick Cottrell anaiyambitsa pa mafuta a pansi ku California, kumathandiza pokhapokha pamene madzi ali mkati mwa mafuta.

Sefa za ultrafiltration zili ndi timabowo ta pakati pa 0.01 ndi 0.1 micron, choncho dontho la mafuta silingadutse ngakhale sopo atalikuta motani. Pa njira zonse zotchulidwa pano, iyi ndiyo imatulutsa madzi oyera kwambiri, oti angagwiritsidwenso ntchito potsuka, ndipo mu mzinda umene ambiri amagula madzi a m'mabawuza, zimenezi ndi ndalama zenizeni. Vuto lake ndi kutsekeka. Mafuta amamata pankhope pa sefa, madzi odutsa amachepa, pampu imavutika, ndipo pamafunika kutsuka ndi soda ndi asidi kawirikawiri. Sefa zadothi lowotcha zimapirira kutsukidwa kotere kuposa zapulasitiki, koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo zonse ziwiri zimachokera kunja.

Tsopano tifike pa maginito. Mtima wa kachidutswa kalikonse ndi magnetite, mtundu wakuda wa dzimbiri la chitsulo umene akatswiri amaulemba Fe3O4. Kapangidwe kofala, kamene René Massart anakafotokoza mu 1981, ndi kusungunula mchere wa chitsulo wa mitundu iwiri, magawo awiri a ferric pa gawo limodzi la ferrous, kenako n'kuthira ammonia kapena soda. Pomwepo madzi amada bii ndi tizidutswa ta ma nanomita pafupifupi 10, ndipo ma nanomita 1,000 ndiwo micron imodzi. Kuchepa kumeneku kuli ndi phindu lapadera. Magnetite yochepera ma nanomita 20 kapena 30 imakokedwa mwamphamvu maginito akayandikira, koma maginitowo akachoka siisunga mphamvu iliyonse, choncho tizidutswato sitimatana tokha ndipo tingamwazidwenso m'madzi ena. Khalidwe limeneli ndi limene Steve Papell wa ku NASA anagwiritsa ntchito mu 1963 popanga madzimadzi okokedwa ndi maginito.

Chofunika kumvetsa n'chakuti maginito sakoka mafuta, ndipo magnetite yopanda chokutira sichita zambiri pa emulsion. Ntchito yeniyeni imagwiridwa ndi chokutiracho, pamene maginito amangotolera zimene chagwira. Choncho wogula asafunse za mphamvu ya maginito asanafunse za chimene chakuta tizidutswato. Oleic acid, amene amapezeka m'mafuta a zomera, ndi wotchipa ndipo amachititsa kachidutswa kukonda mafuta n'kudana ndi madzi. Amathandiza pa oilo woyandama, koma akachuluka tizidutswato timakana kumwazikana m'madzi, motero sitifika kumene kuli madontho. Zokutira za gulu la amine, monga polyethylenimine ndi chitosan wochokera ku zigoba za nkhanu, zimanyamula mphamvu ya positive, ndipo zimamata pa madontho a negative mofanana ndi mmene aluminium sulphate amachitira, kusiyana kwake n'kwakuti izi zimatha kubwezedwa. Pa madzi a m'garaja ndi a m'fakitale, gulu limeneli ndilo loyenera kuliganizira koyamba. Akatswiri a pa University of Texas ku Austin anasonyeza kuti tizidutswa totere timachotsa timadontho ta mafuta m'madzi ochokera ku zitsime za mafuta, ndipo a ku University of South Carolina anayesa tokutidwa ndi polyvinylpyrrolidone pa mafuta otayika m'madzi.

Silika, chinthu chimene chimapanga mchenga ndi galasi, amaikidwa kawirikawiri pakati pa magnetite ndi chokutira chakunja, chifukwa magnetite yapoyera imasungunuka mu asidi ndipo mpweya umaisintha pang'onopang'ono kukhala maghemite, mtundu wina wa dzimbiri la chitsulo. Komabe silika akakhuthala, mphamvu yokokedwa imachepa pa galamu iliyonse. Pa emulsion ya mtundu wachiwiri uja, gulu la pa University of Alberta ku Canada linafalitsa mu 2012 zotsatira za tizidutswa tokutidwa ndi ethyl cellulose, timene timapita pa timadontho ta madzi obisika mu phula la mumchenga n'kutichititsa kukokedwa ndi maginito. Owerenga ochokera ku Malawi angakonde kudziwa kuti njere za cham'mwamba, zimene zinayesedwa poyeretsa madzi ku Thyolo m'zaka za m'ma 1990, zili ndi mapuloteni a positive, ndipo ofufuza ena amakuta nawo magnetite, ngakhale kuti ntchito yambiri imeneyo ndi yochotsa litsiro ndi mtundu m'madzi, osati oilo.

Kagwiridwe kake ndi kosavuta kukafotokoza. Tizidutswato timathiridwa m'madzi oipa n'kutakasidwa, timamata pa madontho n'kuwamanga m'magulu, kenako maginito a neodymium amaikidwa pambali pa chotengera, ndipo zimene thanki ikanachita m'masiku ambiri zimachitika m'mphindi zochepa. Maginito otere safuna magetsi. Madontho a micron imodzi, amene thanki singawagwire ndipo amatseka sefa, amagwidwa bwinobwino. Malipoti ambiri a m'malabotale amanena za kuchotsa mafuta opitirira 90 peresenti, ndipo matope otsala ndi ochepa chifukwa chogwiriracho chimatsukidwa, ndi ethanol kapena mwa kukweza pH kuti chisiye mafuta, n'kubwezedwa pantchito.

Pa kubwezedwa pomwepa ndi pamene pagona nkhani yonse ya ndalama, ndipo ine ndikuona kuti otamanda njirayi amadutsapo mothamanga. Tiyerekeze kuti malo otsukira malole amatulutsa malita 10,000 patsiku, ndipo lita iliyonse imafuna galamu imodzi ya tizidutswa. Ndiye kuti pakufunika makilogalamu 10. Ngati ulendo uliwonse mutaya magawo awiri okha pa 100, patsiku pamapita magalamu 200, ndipo pofika ulendo wa 35 theka la zimene munagula latha. Kuwonjezera apo chokutira chimasupuka pang'onopang'ono, n'chifukwa chake ofufuza ambiri amangosonyeza maulendo asanu kapena khumi, mphamvu ikutsika. Ethanol wotsukira nayenso amagulidwa, amayaka moto, ndipo akasakanikirana ndi oilo amafuna kulekanitsidwanso. Mphamvu ya maginito imafooka msanga mukatalikira masentimita ochepa chabe, choncho zimene zimaoneka zodabwitsa m'kabotolo ka mamililita 20 sizingachitike m'thanki ya malita 5,000 mwa kungoika maginito aakulu pakhoma; madziwo ayenera kudutsa mopyapyala pa diramu ya maginito yozungulira kapena m'bokosi la ulusi wachitsulo wokhala pakati pa maginito.

Pali ngozi ina imene sitchulidwa kawirikawiri. Kuyambira pa ntchito ya Walter Ramsden mu 1903 ndi ya Spencer Pickering mu 1907, zimadziwika kuti tizidutswa tolimba tikakhala pamalire a mafuta ndi madzi tingathe kulimbitsa emulsion m'malo moiphwanya. Mlingo kapena chokutira chikalakwika, ndipo maginito akalephera kutolera zonse, mumatsala ndi madzi ovuta kuposa amene munayamba nawo. Komanso madzi enieni a ku Magaba sali ngati a m'labotale, amene amakhala ndi mafuta a mtundu umodzi ndi sopo wa mtundu umodzi. Muli dothi, mwaye, dizilo, asidi wa m'mabatire ndi fumbi la chitsulo, ndipo dothi nalonso ndi la negative, motero limalanda tizidutswa timene munagulira mafuta. Timene tapulumuka timapita kumtsinje. Magnetite payokha si yoopsa kwambiri, koma zokutira zina, monga polyethylenimine, zimavulaza zamoyo za m'madzi, ndipo ufa wouma wa tizidutswa totere suyenera kupumidwa.

Pakati pa mankhwala akale ndi ma nanoparticle pali njira imene imaiwalika ngakhale kuti inafika kale pa makina aakulu. Bungwe la CSIRO ku Australia linakonza njira ya Sirofloc, yogwiritsa ntchito ufa wa magnetite wa ma micron ochepa poyeretsa madzi akumwa, ndipo makina a CoMag amathira ufa wotere pamodzi ndi aluminium sulphate kapena ferric chloride kuti timibulu tilemere n'kumira msanga, kenako diramu ya maginito imabweza ufawo. Magnetite ya msinkhu umenewu ndi yotchipa, popeza imagulitsidwa m'matani ku migodi yotsuka malasha, ndipo imagwidwa ndi maginito mosavuta kuposa tizidutswa ta ma nanomita 10. Matope a mankhwala amakhalapobe, ndipo makinawa anapangidwira kwambiri litsiro ndi phosphorus kuposa mafuta, koma wophunzira wa uinjiniya pa University of Zimbabwe kapena pa Harare Institute of Technology amene akufuna kuyesa maginito pa madzi a m'magaraja angachite bwino kuyambira apa asanalumphire ku zokutira zodula.

Kwa mwini garaja kapena malo otsukira magalimoto, ine ndingasankhe thanki ya zipinda zitatu yokhala ndi malata opendekeka, yowengulidwa sabata iliyonse, pamodzi ndi kusintha sopo, ndipo madzi akakhalabe otuwa, diramu yothiramo aluminium sulphate pambuyo pake. Fakitale ya zakudya imene madzi ake ndi ochuluka tsiku lililonse iyenera DAF, ndipo imene ikufuna kubwezeretsa madzi pantchito iwonjezere sefa. Ma nanoparticle ali ndi malo pamene madzi ndi ochepa koma ovuta kwambiri, monga madzi oziziritsira makina odula zitsulo m'mashopu a ku Graniteside ndi Msasa, amene amapangidwa dala kukhala emulsion yosaphwanyika, kapena ngati gawo lomaliza pamene njira zina zachotsa kale mafuta ambiri ndipo patsala timadontho tochepa timene tikulepheretsa madzi kufika pa muyeso wa lamulo. Kuwathira m'madzi amene sanadutse m'thanki n'kuwononga chinthu chodula pa ntchito imene njerwa zikanagwira.

Wogulitsa akabwera ndi kabotolo kake ndi maginito m'thumba, m'patseni madzi a pantchito panu, otungidwa Lachisanu masana pamene litsiro lachuluka, osati amene wabwera nawo. M'pempheni kuti agwiritse ntchito tizidutswa tomweto maulendo osachepera khumi, kutiumitsa ndi kutiyeza pasikelo pambuyo pake kuti muone zimene zatayika, ndipo madzi a ulendo woyamba ndi a ulendo womaliza apite ku labotale yosakhala yake kukayezedwa mafuta, chitsulo ndi pH. Pambali pake ikani botolo lina la madzi omwewo lothiridwa aluminium sulphate, kenako muwerengetse mtengo wa malita 1,000 pa njira iliyonse, kuphatikizapo ethanol wotsukira ndi ndalama zotayitsira matope.